Ndolo za zigamba ndi mpamba umene ndinkaudya osadziwa

Ndinayamba ndi jumbo ya zigamba zomwe a telala a pafupi ndi kwathu ku Bangwe ankafuna kukataya kudzala. Munali mu 2021, ntchito yomwe ndinkagwira pa shopu ina mu Limbe itangotha chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo ndinkangokhala pakhomo manja ali lende. A telalawo ndi bambo achikulire, amasokera pakhonde la golosale, ndipo madzulo aliwonse ankasesa tizidutswa ta zitenje totsala pa madiresi a anthu. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi izi mukataya?" Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Tenga mwanawe, wandichepetserako ntchito."

Nditafika kunyumba ndinatenga katoni ya sopo, n'kudula tizidutswa tozungulira poyezera chitsekerero cha botolo. Ndinakutira ndi nsalu, kumata ndi guluu woyera wa akalipentala, kuboola ndi singano yosokera matumba, kenako n'kukolowekamo mahuku amene ndinachotsa ku ndolo zanga zakale. Lamlungu ndinazivala kutchalitchi. Potuluka, amayi atatu anandiimitsa kufunsa kumene ndagula. Geni inayamba choncho, popanda pulani iliyonse.

Atsikana ambiri amandilembera pa WhatsApp kuti ndiwaphunzitse kupanga ndolo, zibangiri ndi tizikwama ta chitenje. Ndimawauza zoona zake kuti kupangako si nkhani. Munthu wa manja abwino, sabata imodzi wadziwa. Chimene chinandivuta ine zaka ziwiri zathunthu ndi kutchula mtengo, ndipo n'chimenenso ndaona chikugwetsa anzanga amene amapanga zokongola kuposa zanga.

Ndolo zanga zoyamba ndinkagulitsa K500. Ndinkati mumtima, zigamba n'zaulere, katoni n'njaulere, manja ndi anga omwe, ndiye K500 yonseyo ndi phindu. Anthu ankagula ngati mandasi. Foni inkangolira, masana onse ndili chiweramire pamkeka, zala zili guluu yekhayekha. Aliyense wondiona ankati zinthu zikundiyendera. Koma ikafika nthawi yokapikula mahuku ndi mikanda ku Limbe, m'chikwama munkapezeka mulibe kanthu, ndiye ndinkapempha bambo a kunyumba kuti andibwerekeko. Kachitatu kake anandifunsa modekha kuti, "Kodi amayi, bizinesi yanuyi ikudyetsa ife kapena ife ndi amene tikuidyetsa?" Ndinakwiya, koma yankho ndinalibe.

Amene ananditsegula m'maso ndi achemwali anga aakulu, omwe akhala akugulitsa kaunjika kwa zaka zambiri. Sukulu sanapite nayo patali, koma pa ndalama simungawapusitse. Anabwera kudzacheza Loweruka lina, n'kundipeza ndikupakira ndolo m'timapulasitiki. Anatenga kope la mwana wanga, n'kulitembenuza kuchikuto, nati, "Tatchula chilichonse chimene chalowa pa ndolo ziwirizi." Ndinayamba kutchula, iwo akulemba. Mahuku ndi tiringi tolumikizira, K120. Guluu ndi vanishi, K60. Kapulasitiki ndi kakhadi kokolowekapo, K70. Ndinati basi. Iwo anati, "Ku Limbe umapita wapansi? Nanga zithunzi umaika pa foni zija, bandulo amakugulira ndani?" Titagawa thiransipoti ndi bandulo, panabwera K100 ina. Zonse pamodzi K350. Pa K500 ija panatsala K150.

Kenako anafunsa kuti pa tsiku ndimapanga zingati. Ndinati ndikalimbikira, mapeya 10. "Nanga pa 10 amenewo, angati amene amatenga osalipira?" Ndinachita manyazi. Pafupifupi awiri. Analemba: mapeya 8 olipiridwa, K4,000, zolowa pa mapeya 10, K3,500. Anazunguliza K500 yotsalayo ndi bolopeni kangapo, n'kundikankhira kopelo. "Ganyu yochapa zovala za eni ikuposa pamenepa," anatero. Msana wonse ndinkauwa uja, tsiku lathunthu, malipiro ake sankakwana ngakhale makala ndi tomato wa tsikulo.

Vuto lalikulu linali liwu loti zaulere. Chigamba chikakhala chaulere, mutu umangoti chinthu chonsecho n'chaulere, ndipo kasitomala nayenso amaganiza chimodzimodzi. Amayi ena anandiuzapo pamaso kuti, "Iii, tinsanza totola kwa telala tomweti mpaka K1,000?" Kale mawu otero ankandifooketsa, ndipo ndinkatsitsa mtengo nthawi yomweyo. Masiku ano ndimangoseka n'kuwauza kuti, "Nsanzazo n'zaulere ndithu amayi, a telala ali apo, mukatenge." Ambiri amaseka nawo n'kugula.

Kuchokera tsiku limenelo ndinagula kope langalanga. Ndinadziikira malipiro a pa ola ngati mmene ndingalipirire munthu wa ganyu, n'kumawawerengera m'zolowa. Phindu limabwera pamwamba pa zimenezo. Ndinasiyanitsanso ndalama: ya geni payokha, ya pakhomo payokha. Ineyo ndinachita kugula simu khadi yachiwiri kuti ndalama za makasitomala, kaya za Airtel Money kaya za Mpamba, zisamasakanikirane ndi yogulira ndiwo. Ndalama ikakhala m'chitenje chomwe wavala, mwana akangoti sopo watha, dzanja limapita lokha.

Nditakweza mtengo kufika K1,200, ena anathawadi. Amene anathawa kwambiri ndi omwe aja ankatenga pangongole, ndiye sindinawalire.

Za ngongole ndinenepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene chibale chimalowerera. Mlendo savuta, amafunsa mtengo, akagwirizana nawo amalipira. Ovuta ndi ako omwe. Alamu anga ena anatenga chikwama ndi ndolo zake popita ku ukwati, nati, "Alamu, mwezi ukatha ndikuonani." Miyezi inatha isanu. Ukawakumbutsa, nkhani imafika kwa apongozi kuti mkazi uja ndi waumbombo. Ndinaona kuti kulimbana nazo n'kungodzipezera adani, ndiye ndinapeza njira yanga: wachibale ndikafuna kumupatsa, ndimamupatsa monga mphatso, ndimanena poyera kuti iyi ndi mphatso, ndipo m'kope ndimalemba kuti yatuluka. Koma akafuna kugula, mtengo ndi womwewo, ndalama patsogolo. Ngongole yomwe ndikudziwa kuti sidzabwera ndi bwino ndiitche mphatso kuti mtima wanga ukhale m'malo.

Phunziro lachiwiri linabwera ndi mvula. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa kuno kummwera, mvula inagwa masiku angapo osalekeza. Anzathu a ku Chilobwe ndi ku Manja anataya abale ndi nyumba, choncho zanga ndikunenazi n'zazing'ono kwambiri, sindingaziyerekeze n'komwe ndi zimenezo. Nyumba yathu sinagwe, koma makoma ananyowa mpaka mkati. Katundu wanga ndinkasunga m'katoni pansi pa bedi. Dzuwa litawala ndinatulutsa katoni ija kuti ndione. Fungo la nkhungu ndi limene linayamba kundilandira. Ndolo zomwe mkati mwake munali katoni zinali zitafufuma n'kupindika ngati tchipisi. Mahuku otchipa aja anali atachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo linali litadontheza timadontho tofiirira pansalu. Ndinanyamula peya imodzi yachikasu yomwe ndinkaikonda, nditangoipsinja pang'ono inangoti phwa pakati pa zala. Mapeya oposa 60 anapita kudzala komwe kuja a telala ankafuna kutaya zigamba.

Chimene chinandiwawa kwambiri si katunduyo ayi. Ndinakumbukira kuti ndolo zomwezo ndi zimene ndakhala ndikugulitsa anthu. Ndiye kuti aliyense amene anavumbwa nazo, kapena kuziiwala kubafa, zinamuchitikira zomwezi, kungoti sanabwere kudzandiuza. Kasitomala wa kuno sakonda kudandaula pamaso. Amangosiya kubwera, n'kukauza anzake kumjigo kapena kusaluni.

Katoni ndinaisiyiratu. Pano mkati mwa ndolo ndimaika pulasitiki yodula ku zigubu za mafuta ophikira, nditaitsuka bwino ndi kuipalapala ndi sandipepa kuti guluu agwire, kapena kathabwa kopyapyala komwe kalipentala wina amandidulira. Zibangiri ndimakutira pa paipi yapulasitiki. Nsalu yokutira chibangiri musamaidule motsata ulusi. Iduleni mopingasa, chamgonegone, kuti izitha kutamuka ndi kugona bwino pokhota, apo ayi imachita makwinya. Mahuku ndimagula a stainless steel, osachita dzimbiri msanga, ngakhale ndi odula. Otchipa aja, kupatula dzimbiri, ambiri amakhala ndi chitsulo china chotchedwa nickel, ndipo pali anthu amene khungu lawo siligwirizana nayo: khutu limayabwa, kufiira, mwina kutuluka timadzi. Mtsikana wina wa pasukulu ya ukachenjede anandionetsa khutu lake litatupa, ndipo ndinamubwezera ndalama yake osanenapo kawiri.

Nsalu nayonso ili ndi zake. Si chitenje chilichonse chimene chimamvera guluu. Cha thonje chimagwira bwino. Chosakaniza ndi poliyesita chimaterera ndipo m'mphepete mwake mumayoyoka. Mukakayika, sololani kaulusi n'kukayatsa ndi machesi: thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pamene poliyesita imasungunuka n'kuuma kukhala kambulu kolimba. Chitenje chatsopano muzichichapa kaye musanadule, kuti sitachi ichoke, chifupike chifupikiretu, komanso muone ngati chikusuluka. Ndinasokapo kachikwama kofiira osachapa nsalu, mwini wake n'kukanyamula pa diresi loyera tsiku lotentha. Zotsatira zake mukhoza kuziganizira nokha. Posankha maluwa, kumbukirani kuti ndolo ndi kanthu kakang'ono. Chitenje cha maluwa akuluakulu chimakongola pathupi, koma mukadulapo kachidutswa kangati chitsekerero mumangopeza mtundu umodzi wopanda tanthauzo. Cha timaluwa ting'onoting'ono ndi timizere ndiye chabwino, ndipo muzidula mbali ziwirizo pamalo ofanana kuti khutu lamanja lisasiyane ndi lamanzere. Zikwama zimafuna sitifu, kansalu kolimbitsa, ndi laining'i, nsalu ya mkati. Popanda zimenezo chikwama chimangoti lobodo ngati thumba la ufa lopanda kanthu.

Chinanso, glue gun, kamakina kosungunulira guluu, ndi yabwino koma imadalira magetsi, ndipo mukudziwa mmene magetsi athu amachitira. Oda ikakhala ya mawa, musaike mtima wonse pa iyo. Ine guluu wa m'botolo, singano ndi simbi ya makala sizisowa pakhomo.

Tsopano nkhani imene ndinalira nayo misozi yeniyeni. Mu Okutobala 2023 kunabwera mayi wina ndi mwana wake wamkazi, akukonzekera chinkhoswe cha mu Disembala. Ankafuna atsikana 14 operekeza avale zofanana: ndolo, chibangiri, mkanda wa m'khosi ndi kachikwama kam'manja. Inali oda yaikulu kuposa zonse zomwe ndinalandirapo. Tinagwirizana K9,000 munthu mmodzi, zonse K126,000, ndipo ndinawerengera bwinobwino m'kope muja, phindu likuoneka. Anapereka dipoziti ya K30,000 ndi nsalu yawo. Ine poona kuti Disembala ili kutali, ndinati ndikapikula zipangizo mwezi wa mawa. Dipoziti ija ndinayamba ndaibwereka kaye kulipirira mwana fizi yotsalira, ndikuti ndibweza ndikagulitsa zina. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pa 9 Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Dola yomwe inali pafupifupi K1,180 kubanki inafika pa K1,700. Tinali titaziwonapo kale mu Meyi 2022 pamene inagwa ndi 25 peresenti, koma sindinatolepo nzeru. Chimene sindinkachiganizira n'chakuti pa ndolo zanga "za Chimalawi", cha kuno ndi manja anga okha. Mahuku, tiringi, mikanda yagalasi, mazipi, maginito otsekera zikwama, guluu, zonse zimachokera kunja, zina kudzera ku Tanzania, zina ku South Africa. Ngakhale zitenje zambiri zomwe timagula m'misika n'zolowa kuchokera kunja. Nditapita ku Limbe sabata yotsatira, paketi ya mikanda yomwe ndinkagula K4,000 inali pa K6,500, ndipo wogulitsayo anandiuza kuti ndikabwera mawa mwina ndipeza mtengo wina. Ndinaima pakhomo pa shopuyo kuwerengera pa foni, manja akunjenjemera.

Ndinawaimbira mayi aja kuti tikambirane. Anandiyankha mwaulemu koma mosapita m'mbali: "Mwana wanga, tinapangana. Ifenso zinthu zatikwerera mbali zonse, holo, chakudya, zonse. Dipoziti tinakupatsa kalekale, bwanji sunagule nthawi yomweyo?" Ndinasowa chonena chifukwa ankanena zoona. Ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde yathu, n'kumaliza oda yonse. Milungu itatu ya kugona pakati pa usiku inathera m'kubweza ngongoleyo ndi chiwongoladzanja chake. Atsikanawo anatchena, zithunzi zinayenda pa Facebook, anthu anayamikira, koma m'thumba mwanga simunalowe ngakhale tambala.

Pano oda ya chinkhoswe, ukwati kapena bridal shower ndimaitenga motere. Dipoziti iyenera kukwanira zipangizo zonse, ndipo ndimakazigula sabata yomweyo, osagona nayo ndalama. Mtengo umene ndatchula ndimanena kuti ukhala masiku 14. Akachedwa kulipira dipoziti, tiwerengeranso. Zonse timalemberana pa WhatsApp, mtundu wa nsalu, chiwerengero, tsiku lotenga, kuti pasadzakhale "ine ndinanena zobiriwira". Ndipo katundu amene ali kale pashelefu sindimugulitsa potengera mtengo umene ndinagulira zipangizo zake, koma umene ndikagulire ndikapitanso kokapikula. Poyamba zinkandionekera ngati kuba. Koma ukagulitsa pa mtengo wakale, ndalama imene wapezayo siikwanitsa kubweza katundu yemweyo, ndiye shelefu imanka ichepa uku iwe ukuti ukupindula. Mpamba umadyeka choncho, mwakachetechete, ngati chimanga cha anankafumbwe.

Za kotsatsa sindichulutsa. Makasitomala anga ambiri amachokera pa status ya WhatsApp, ena pa Facebook. Zithunzi ndimajambula m'mawa pakhonde, dzuwa lisanakwere, pansalu yoyera kapena palichero, ndipo ndolo zimayenda msanga zikaoneka zili pakhutu la munthu kusiyana ndi zili pathebulo. Mtengo ndimaulemba pomwepo. Zoti "bwerani ku inbox" zija zimangothamangitsa anthu amanyazi, amene nthawi zambiri ndi omwe amalipira bwino.

Geni iyi ili ndi nyengo zake. Anthu akakolola n'kugulitsa mbewu, maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka mpaka Disembala. Tsiku la anakubala pa 15 Okutobala ndi msika waukulu, ndipo ndimayamba kukonzekera mu Ogasiti. Koma Januwale ndi Febuluwale, anthu ali pa fizi, feteleza ndi kugula chimanga, ndolo palibe amene amaziyang'ana. Chaka choyamba ndinkaganiza kuti andilodza. Tsopano ndimadziwa kuti imeneyo ndi miyezi yopanga katundu, kuyesa masitayilo atsopano ndi kudya zomwe unasunga mu Novembala.

Ku zionetsero za malonda, monga zimene zimachitikira pa Chichiri, ndinapitako pogawana tebulo ndi anzanga awiri, wina wa madengu wina wa sopo. Musanalipire malo otero, werengani kuti mufunika kugulitsa mapeya angati kuti mungobweza ya tebulo, thiransipoti ndi chakudya. Nthawi zina phindu lake silikhala la tsiku lomwelo koma manambala a foni amene mwatolera. Mayi wina wa shopu ya mphatso ku Lilongwe amene amandioda mpaka lero ndinakumana naye kumeneko. Msuweni wanga amene ali ku Joni amatenganso katundu kukagulitsa kwa azimayi a kwathu kuno amene amasonkhana kumeneko, ndipo iye amakonda kunena kuti munthu akakhala kutali ndi kwawo chitenje chimamukomera kawiri.

Potumiza katundu kutali, chenjerani ndi mauthenga abodza. Wina anandiodapo zikwama zitatu, n'kunditumizira uthenga wooneka ndendende ngati wa kampani ya foni wonena kuti ndalama yalowa, uku akundiimbira kuti ndifulumire basi inyamuka. Ndinali nditakwera kale kabaza ndi phukusi pamiyendo pamene china chake chinandiuza kuti ndione balansi. Munalibe kanthu. Uthengawo unachokera pa nambala wamba. Ndinamuuza wakabaza kuti, "Achimwene, tabwererani," ndipo ndinangoluza ya kabaza yokha. Musamakhulupirire uthenga kapena chithunzi cha uthenga; onani balansi nokha.

Pano ndili ndi mtsikana mmodzi amene amandithandiza kudula ndi kumata masiku atatu pa sabata, ndipo malipiro ake ndimawerengera pa peya iliyonse monga mmene achemwali anandiphunzitsira. Iyenso wayamba kupanga zakezake madzulo. Sabata yatha anandionetsa timaduku ta ana tomwe wasoka, nditamufunsa mtengo anati K800, "poti nsalu yake ndi yotsala". Ndinamupatsa kope ndi bolopeni n'kumuuza kuti akhale pansi.

A telala aja akadalipo pakhonde la golosale lija. Anaona kuti jumbo zawo zikubala ndalama, ndiye chaka chatha anandiuza akumwetulira kuti, "Mwanawe, makina awa amafunanso mafuta." Tsopano zigamba amazisankhula okha, za thonje pazokha, zoterera pazokha, ndipo jumbo imodzi amandigulitsa K2,000. Ndinayesa kunenerera kuti ikhale K1,500, anakana.